Mmene Ndinabindikiritsira Mayi Nampinga

Ana anga, mwandiumiriza kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndipo Tadala wachita kundigulira kope lachikuto cholimba ngati ndili ndi mbiri ya nduna. Za ubwana wanga ku Dedza mukuzidziwa, sindibwereza. Ndiyambira pamene ndinavala diresi loyera la unamwino. Dzanja limatopa msanga masiku ano, ndiye zilembo zikapindika musandiseke.

Chaka choyamba pa ntchito, ku Nazombe

Ndinafika ku Nazombe pa lole yokatenga nandolo, ndili ndi sutikesi imodzi ndi setifiketi yokulunga m'pepala la pulasitiki. Kachipatala kake sinditchula dzina. Kanali ka zipinda zinayi, denga lodontha pakona ya chipinda chochilira, ndi kabati ya mankhwala imene inkadzaza sabata yoyamba ya mwezi basi. Mkulu wa pamalopo anali bambo Chikopa, amene anthu ankawatcha adokotala ngakhale sanali dokotala weniweni. Anali munthu wamtali, wosakonda kuseka, koma wodwala sankamubweza ngakhale atafika iwo ali pakati pa chakudya. Chilomwe sindinkachimva ngakhale pang'ono, moti mwezi woyamba agogo akandilonjera kuti "Mosheliwa?" ndinkangomwetulira ngati mbuli. Tsiku lina ndinauza bambo wina kuti mankhwala atha, abwere mwezi wamawa, ndipo anatuluka akukoka mapazi. Bambo Chikopa anandiitanira kuseri. "Anesi," anatero, "munthu uyu wadzuka tambala woyamba, wawoloka mitsinje iwiri. Osamubweza chimanjamanja. Ngati mulibe piritsi, mupatseni lamulo. Muuzeni choti asadye, kapena choti asachite. Lamulo nalonso ndi mankhwala." Ndinawamvera, ndipo kwa zaka zambiri ndinakhala katswiri wopereka malamulo.

Kusukulu anatiphunzitsa kubereketsa, malungo, kutsegula m'mimba ndi katemera. Mayi akasiya kusamba ndi kubereka, m'mabuku athu ankakhala ngati nkhani yake yatha. Koma amayi oterowo ndiwo ankadzaza benchi Lolemba lililonse, wina atagwira m'chiuno, wina maondo, wina akuti mafupa onse akuphwanya. Tonse tinali ndi dzina limodzi la zimenezi: nyamakazi. Ndinkalemba nyamakazi m'kabuku ndisanamalize n'komwe kumumva munthuyo, n'kumupatsa panado ngati alipo. Ngati palibe, lamulo. Sindinkaona cholakwa. Ndinkangoona mzere wotalika ndi dzuwa likupendeka.

Chaka cha 24 pa ntchito, mwezi wa Novembala

Panthawiyi bambo Chikopa anali atapuma kalekale, mabwana ena atatu atabwera n'kupita, ine ndikadali pompo ngati mtondo wa pakhomo. Bambo anu anali atatisiya, inu muli kusukulu. Nkhuni za kunyumba kwathu ankandibweretsera ndi mayi Nampinga, a m'mudzi wina wa m'munsi mwa Michesi. Anali mayi wa zaka za m'ma sikisite, wamfupi, wa khosi lolimba, wosowa tsiku lopanda nthabwala. Akatula mtolo ankati, "Anesi, inu kulemera kwanu ndi cholembera, koma mukuoneka otopa kuposa ine." Ndipo zinali zoona.

Lachisanu lina kukutentha kwambiri, mwana wawo wamkazi, Felesiya, anabwera nawo panjinga. Anali atagwa ndi chizungulire potsika phiri, mtolo uli pamutu. Nditawayeza ndinapeza bipi yakwera koopsa, ndipo mankhwala a bipi anali atatha mwezi wathunthu. Tsiku limenelo ndinali ndekha. M'chipinda chochilira munali mtsikana wa mimba yoyamba akubuula, panja anthu akudikira mpaka pansi pa mtengo wa mango. Ndinachita zimene ndinazolowera. Ndinati, "Kuphiri asapitenso. Asamakhale padzuwa. Za mchere ayi, zamafuta ayi. Azipuma m'nyumba." Felesiya anali atagwada pafupi ndi tebulo, akumvetsera ngati ali m'tchalitchi.

"Anesi, ndiye kuti tiwabindikiritse?" anafunsa.

"Eya, eya," ndinayankha, maso ali m'kabuku.

"Mpaka liti?"

"Ndidzakuuzani ndine. Wotsatira!"

Ana anga, liwu limeneli ndinkalidziwa bwino. Ndinali nditabereketsa theka la midzi imeneyo. Ndinkadziwa kuti mayi wachikuta akabindikira satuluka yekha, namwali akabindikira satuluka yekha, amadikira amene anamulowetsa kuti adzamutulutse. Ine ndinkatanthauza sabata imodzi kapena ziwiri, mpaka mankhwala atabwera. Koma sindinanene zimenezo. Mtsikana uja anakuwa, ndinathamangira kuchipinda, ndipo za mayi Nampinga zinachoka m'mutu. Nkhuni zitasiya kubwera ndinayamba kugula makala. Mu Januwale kunabwera kalata yondisamutsira kudera la Fort Lister, ndinalongedza n'kumapita osatsanzika bwinobwino ndi aliyense.

Zaka za ku Fort Lister

Kumeneko n'kumpata, pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndipo mphepo yake ya mu Juni imalowa mpaka m'mano. Bwana wanga anali a Likaka, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wanzeru ndi waulemu, koma woopa makalata a kuboma kuposa njoka. Zosowa zinali zomwe zija: magolovesi atha, thonje latha, ambulansi ilibe mafuta. Ndinali nditasiya kudabwa nazo. Chimene chinandidabwitsa ndi thupi langa. Ndinali nditasiya kusamba zaka zingapo m'mbuyomo, thukuta lija losadziwika kochokera linali litadutsa, ndiye ndinkaganiza kuti ndapuma. Koma m'chiuno munayamba kuwawa, kenako ntchafu zinafooka, moti podzuka pampando ndinkachita kugwira tebulo. Ndinadzilembera ndekha nyamakazi n'kumameza bulufeni ngati mtedza, mpaka m'mimba munayamba kutentha.

Tadala, ukukumbuka kuti unachita kundikokera ku Blantyre. Dokotala wake anali mayi wachitsikana, ndipo nditamuona ndinati mumtima, kamwana aka kandiuza chiyani. Anatenga magazi, ndipo titabwerera anati vitamini D wanga ndi wochepa kwambiri. Ndinaseka. Ndinati, "Adokotala, matenda amenewo ndi a kwa azungu kopanda dzuwa. Ine ndimakhala ku Phalombe kumene dzuwa limawotcha ndi mbuzi zomwe." Iye anangondifunsa kuti, "Mayi, inuyo limakuombani kangati pa sabata?" Ndinayamba kuwerenga. Ndinkalowa m'chipatala kusanache bwino, juzi ndi masitonkeni zili m'thupi, n'kutuluka dzuwa litabisala kuseri kwa phiri. Lamlungu popita kutchalitchi ndinkafunda ambulera. Anandifotokozera modekha kuti khungu ndilo limapanga vitamini ameneyu likaombedwa ndi dzuwa, ndipo popanda iye thupi limalephera kutenga kashiamu m'chakudya kuti alimbitse mafupa. Mayi akasiya kusamba mafupa ake amakhala ayamba kale kupepuka, ndiye vitaminiyu akasowanso amafewa, ntchafu zimafooka, munthu amayenda mopendama ngati bakha, ndipo kugwa pang'ono chabe chiuno chimatha kuthyoka. Anandilembera mapiritsi, nandichenjeza kuti ndisapyoze muyezo chifukwa akachuluka nawonso amawononga. Anati ndizidya matemba ndi usipa pamodzi ndi minga yake, mazira, ndiponso ndiziwothera dzuwa m'mawa mikono ndi miyendo ili pamtunda. Potuluka anawonjeza kuti, "Amayi ambiri olima dzuwa limawakwanira. Amene ndimawadera nkhawa ndi odwala amene abale awatsekera m'nyumba chifukwa chowakonda." Ndinagwedeza mutu ngati munthu wodziwa. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, sindinakumbukire aliyense.

Chaka chomaliza pa ntchito, mwezi wa Ogasiti

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga unandipeza pamsika, ndikusankha tomato. Mayi wina wogulitsa nandolo anasiya malonda ake n'kudzagwada pafumbi patsogolo panga. Anali Felesiya, ataonda moti ndinachedwa kumuzindikira.

"Anesi, Mulungu ndi wamkulu. Takhala tikukufunani."

"Amayi ali bwanji? Akadakwerabe phiri?"

Anandiyang'ana modabwa. "Phiri? Amayi ali m'nyumba muja. Lamulo lanu tinalisunga, sitinaphwanye ngakhale tsiku limodzi. Koma sakuchira, anesi. Pano satha n'kuimirira komwe. Ndiye timati mwina nthawi yowatulutsa inakwana, koma inu munati mudzatiuza."

Ndinawerenga m'mutu. Zinali zaka zitatu kutsala miyezi itatu. Tomato uja ndinamubweza pamulu. Felesiya anapitiriza kufotokoza. Anati anapitako kuchipatala kuja kukafunsa, koma namwino watsopano anangoyang'ana m'kabuku, n'kumupatsa mapiritsi a bipi, n'kunena kuti atsatire zimene anauzidwa. Anati miyezi yoyamba mayiwo ankalimbana naye, akufuna kupita kumunda, ndipo iye ankachita kukhala pakhomo kuwatchingira. Matemba anawaletsa chifukwa cha mchere, mazira anawaletsa poganiza kuti ndi zamafuta, ankangowapatsa phala ndi masamba owiritsa. Kenako miyendo inayamba kufooka, ndipo onse anati ndi matenda aja akukula, bola anesi anaoneratu. "Koma achimwene anga a Yohane akuti ndikuwalodza ndine kuti nditenge munda," anatero akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Kumjigo anthu amasiya kulankhula ndikafika."

Lolemba ndinawauza a Likaka zonse. Anatseka chitseko asanayankhe. "Mayi, mwatsala ndi miyezi yochepa kuti mupume bwinobwino. Mukakavomera pagulu, wina akakadandaula kuboma, zaka zanu zonsezi zithera pa nkhani imeneyi. Tiyeni tingotumiza uthenga kwa mlangizi wa zaumoyo wa kumeneko, akawauze kuti malangizo asintha. Malangizo amasintha tsiku ndi tsiku, palibe amene angadabwe." Sanali munthu woipa, ankanditeteza. Ndipo ndisakunamizeni, maganizo akewo anandikomera. Ndinakhala nawo masabata awiri athunthu, ndikumwa mapiritsi anga, ndikuwothera dzuwa kuseri kwa nyumba m'mawa uliwonse, ndikudziwa kuti mayi wina ali mumdima chifukwa cha ine. Masabata awiri amenewo ndimachita nawo manyazi kuposa Lachisanu lija, chifukwa pa Lachisanu ndinali wotopa chabe, koma apa ndinkadziwa. Chimene chinandidzutsa n'chakuti ndinkawadziwa anthu anga. Mlangizi akanapita, Felesiya akanamuthokoza mwaulemu, n'kutsekanso chitseko kudikira amene analowetsa. Ndipo ngakhale akanamvera, dzina la ufiti likanatsala pa iye.

Loweruka, kumudzi kwa mayi Nampinga

Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, kenako wapansi pamene njinga inakanika miyala. Nyumba yake inali ya njerwa zosawotcha, ndipo zenera la kuchipinda anali atalitseka ndi njerwa kuopa akuba, monga amachitira ambiri kumeneko. Nditalowa sindinaone kanthu, ndinangomva fungo la chinyezi ndi mawu ochokera pansi.

"Ndani?"

"Ndine anesi a nkhuni aja."

"Ohoo. Mwabwera. Mwachedwatu."

Maso atazolowera ndinawaona pamphasa. Khosi lija lonyamula mitolo linali litatsala ngati la nkhuku. Nditagwira msana wa mwendo pang'ono chabe anakuwa. Ndinawapempha kuti ayese kudzuka, ndipo anakwawa mpaka kukhoma, n'kuyesa kukwera ndi manja, n'kubwerera pansi. Ndinamuuza Felesiya kuti aitane a Yohane, akazi awo, ndi oyandikana nawo onse amene angabwere. Atasonkhana pabwalo ndinaima, ngakhale anandipatsa mpando.

"Abale anga," ndinatero, "mayi awa sanalodzedwe. Bipi inalipo, koma chimene chawapundula si bipi. Mafupa awo afewa chifukwa chosowa dzuwa ndi chakudya choyenera. Amene anawaletsa dzuwa ndine. Ndinkanena za masiku ochepa, koma sindinafotokoze, ndipo ndinasamuka osabwera kudzawatulutsa. Felesiya sanalakwe kanthu. Anangomvera ine."

A Yohane anaimirira. "Ndiye mukuti zaka zonsezi mayi athu avutikira mawu a pakamwa basi? Inu anthu ophunzira inu! Mukanakhala wina ndikanakutengerani kupolisi lero lomwe."

"Mukafuna kupita kukadandaula, dzina langa ndikulemberani ndekha," ndinayankha. "Koma choyamba tithandizane kuwatulutsa."

Felesiya anakhala pansi pomwe anaimapo, n'kufunditsa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Palibe amene anapita kukamupepesa, ngakhale mchimwene wake. Tinawanyamula mayiwo anthu anayi, mphasa yomweyo, pang'onopang'ono kuopa kuthyola fupa. Titawaika pakhonde la kum'mawa anatseka maso ndi mkono, misozi ikutsika chifukwa cha kuwala. Atakhala kanthawi anatambasula miyendo okha kuti dzuwa liwaombe.

Sabata yotsatira ndinapeza galimoto yowatengera kuchipatala chachikulu, kumene dokotala anawaona n'kulemba mapiritsi a vitamini D ndi kashiamu. Kumeneko kunalibe, ndipo Tadala, mapiritsi aja ndinakutuma kukagula ku Blantyre kawiri konse ndikunama kuti anga atayika, anali a mayi amenewa. A Yohane, mtima utatsika, anafuna kuti aziwamwetsa anayi pa tsiku kuti achire msanga. Ndinakana, ndipo ulendo uno sindinalankhule maso ali m'kabuku. Ndinamukhazika Felesiya pansi n'kumuuza muyezo wa dokotala, za matemba oviika m'madzi kuti mchere uchepe, za dzira, za dzuwa la m'mawa, za kuwaimiritsa pang'ono tsiku lililonse atagwira khoma, ndi tsiku lobwerera kuchipatala. Kenako ndinati, "Tabwereza zimene ndanena." Anabwereza. Ndinati, "Mpaka liti?" Anayankha bwino. M'zaka zanga zonse za unamwino, aka kanali koyamba kufunsa munthu kuti wamva chiyani.

Mwezi wachiwiri nditapuma

A Yohane sanapite kukadandaula. Kuntchito ananditsanzika ndi nsalu, fulasiki ndi mawu okoma onena za kudzipereka kwanga, ine ndikungoyang'ana pansi. Kumudzi kuja ndinkapitako mwezi uliwonse. Kuchira kwa mayi Nampinga kunali kochedwa moti nthawi zina ndinkabwerako ndilibe chiyembekezo. Mwezi wachitatu chiwatulutsireni ululu unachepa. Wachisanu anaima atagwira mzati wa khonde. Nthabwala zija sizinabwerere, ndipo ankandilandira mwaulemu wouma, wa mlendo amene sungamuthamangitse.

Tsiku limene ndikunenali ndinawapeza ataima pabwalo ndi ndodo, atavala chitenje chatsopano ndi mpango, ngati munthu wa paulendo. Msana unali wopindika ndipo dokotala anali atanena kale kuti phiri asaliganizirenso, koma anali ataima ndi miyendo yawo.

"Anesi, ndimadikira inu. Tiyeni mundiperekeze."

"Kuti, mayi?"

"Pafupi pompa."

Felesiya anafuna kutsatira koma anamubweza ndi dzanja. Tinatsika kanjira ka pakati pa minda ya nandolo, iwo patsogolo, ine pambuyo manja ali chire kuti akapendama ndiwagwire. Mtunda woti mwana angathamange kamphindi tinauyenda pafupifupi ola, tikupuma pa chulu chilichonse. Pamene minda inathera anaima, n'kuloza ndi ndodo kamsitu ka mitengo yakuda tsidya la khwawa. Anali manda a mudziwo.

"Bambo a Felesiya ali umo," anatero. "Anapita chaka chachiwiri ndili m'chipinda muja, mu Okutobala. Zaka makumi anayi tili limodzi. Nyimbo ndinkazimva zikutsika njira yomweyi. Ndinakwawa mpaka pakhomo, koma anandibweza. Anati kunja kuli dzuwa, anesi analetsa."

Palibe amene anali atandiuzapo zimenezi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma anandiletsa osanditembenukira.

"Musalankhule, anesi. Inu mukalankhula zimatenga zaka."

Ndinatseka pakamwa. Tinaima pamenepo mpaka miyendo yawo inayamba kunjenjemera, kenako anandipatsa mkono kuti ndiwagwire, tinabwerera.